Mkwiyo wopanda mphenzi: Mulungu akamusiya munthu wokana choonadi

Cha m'chaka cha 57, mumzinda wa Korinto, Paulo ankayankhula, munthu wina dzina lake Teritiyo n'kumalemba. Kalatayo inali ya Akhristu a ku Roma, mpingo umene Paulo sanauyambitse ndipo anali asanaupondeko n'komwe. Atatha malonje, ananena mawu amene alaliki amawakonda mpaka lero: iye sachita manyazi ndi Uthenga Wabwino, chifukwa ndi mphamvu ya Mulungu yopulumutsa aliyense wokhulupirira, ndipo mu uthengawo chilungamo cha Mulungu chikuululidwa. Ukafika pamenepa umayembekezera kuti zotsatirazo zikhala zotsekemera. Koma ndime yotsatira, Aroma 1:18, ikuti mkwiyo wa Mulungu ukuululidwa kuchokera kumwamba pa kusapembedza konse ndi kusalungama konse kwa anthu amene amakanikiza choonadi ndi zoipa zawo.

M'Chigiriki chimene kalatayi inalembedwa, liwu lakuti "kuululidwa" ndi limodzimodzi m'ndime ziwirizi, ndipo monsemo likunena za chinthu chimene chikuchitika panopa. Za tsiku lachiweruzo Paulo adzazinena m'mutu wachiwiri. Pano akuti mkwiyowo uli kale pakati pa anthu, ukuoneka. Ndiye funso limadzibweretsa lokha: ukuonekera pati? Roma wa nthawi imeneyo, pansi pa mfumu Nero amene analowa ufumu mu 54, sankagweredwa moto wochokera kumwamba. Akachisi a mafano ankadzaza, ogulitsa akapolo ankalemera, onama ankagona tulo tawo bwinobwino. Mkwiyo wa Mulungu ukanakhala mphenzi, Paulo akanakhala kuti akunena zinthu zimene palibe anaziona. Yankho limene iye akupereka n'lopanda phokoso, ndipo kwa ine n'loopsa kuposa mphenziyo.

Koma tiyambe ndi liwu lenilenilo, poti ambiri amapunthwa pomwepo. Ife mkwiyo timaudziwira pa zimene tinaona ndi maso: kholo lobwera usiku litaledzera n'kumenya mwana amene wapezeka pafupi, bwana wokalipira wantchito chifukwa zake sizikuyenda, ife eni tikapsa mtima n'kutulutsa mawu amene m'mawa mwake timanong'oneza nawo bondo. Mkwiyo wa munthu umaphulika, umapitirira muyeso, ndipo kawirikawiri umagwera wosalakwa. Baibulo silibisa zimenezi. Yakobo 1:20 imanena poyera kuti mkwiyo wa munthu subala chilungamo cha Mulungu. Tsono ngati wa Mulungu uli wamtundu womwewo, wangokula msinkhu chabe, palibe chomupembedzera. N'kungomuopa basi, monga tiopera chilombo.

Chiheberi chili ndi kachithunzi kokoma pa nkhaniyi. Liwu lofala la mkwiyo m'Chipangano Chakale ndi aph, limene limatanthauzanso mphuno, poti wokwiya amapuma mwaphuma, mphuno zili pululu. Ndiye pa Eksodo 34:6, pamene Mulungu akudzitchula yekha kwa Mose kuti ndi wachifundo, wachisomo ndi wosakwiya msanga, mawu ake enieni amati "wa mphuno zazitali". Mpweya wotenthawo umayenda ulendo usanatuluke. Ndipo taonani nthawi imene mawuwa ananenedwa: Aisraeli anali atangopanga mwana wa ng'ombe wagolide n'kumuvinira. Mneneri Yona anafika podandaula ndi khalidwe limeneli, kuti n'chifukwa chake anathawa ulendo wa ku Nineve, ankadziwa kuti Mulungu akangoona kulapa aleka kulanga. Yesaya 28:21 imatcha chilango ntchito yachilendo ya Mulungu, ndipo Martin Luther anawagwira mawuwa n'kumasiyanitsa ntchito yachilendo ya Mulungu, imene ndi kukantha, ndi ntchito yake yeniyeni, imene ndi kupulumutsa. Pali ndime imene imati Mulungu ndiye chikondi. Palibe ndime imene imati Mulungu ndiye mkwiyo. Chikondi ndi mmene iye alili; mkwiyo ndi mmene chikondi chopatulikacho chimayankhira chikakumana ndi chowononga zimene chimakonda.

Akhristu oyambirira anavutika nayo nkhaniyi kwambiri, chifukwa anthu ophunzira a Chigiriki, otsatira a Epicurus ndi a gulu la Stoa, ankati mulungu weniweni sangakwiye, mkwiyo ndi kufooka. Munthu wina wotchedwa Marcion anadula mfundo ndi mpeni: anati Mulungu wokwiya wa Chipangano Chakale ndi wina, Atate wa Yesu ndi winanso, n'kutaya Chipangano Chakale chonse. Mpingo wa ku Roma unamuchotsa cha m'ma 144, koma maganizo ake sanafe. Mpaka lero mudzamva munthu akuti Mulungu wakale anali waukali, watsopanoyu ndi wofatsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300, mlembi wachikhristu Lactantius analemba kabuku konse kotsutsa anzeruwo, mfundo yake ili yakuti amene sadana ndi choipa ndiye kuti sakondanso chabwino. Augustine, bishopu wa ku Hippo amene anamwalira mu 430, anafotokoza kuti mkwiyo wa Mulungu si kuvunduka kwa mumtima monga kwathu, koma ndi chigamulo chimene chimapereka chilango pa tchimo. Thomas Aquinas m'zaka za m'ma 1200 anayenda njira yomweyo, kuti liwuli timalinena pa Mulungu mophiphiritsa, poona zotsatira zake.

Ine ndimaona kuti Augustine anachita bwino kutchinjiriza Mulungu ku nkhanza za zilakolako zathu, koma ukangomutsatira osayang'ananso m'Malemba, ungathere pa Mulungu wouma ngati woweruza amene akuwerenga chigamulo akuyang'ana wotchi. Marko 3 ili ndi chithunzi china. Ndi tsiku la Sabata, m'sunagoge muli munthu wopuwala dzanja, ndipo pali anthu amene akhala tcheru kuti aone ngati Yesu amuchiritse, apeze pomunenezera. Yesu akuimiritsa munthuyo pakati, n'kufunsa funso limene ngakhale mwana angaliyankhe: pa Sabata chololedwa n'chiti, kuchita zabwino kapena zoipa, kupulumutsa moyo kapena kupha? Onse zii. Sikuti sakudziwa yankho. Akulidziwa, koma kulinena n'kuvomera kuti iye akulondola. Pamenepo Marko akuti Yesu anawayang'ana mokwiya, ali ndi chisoni chifukwa cha kuuma kwa mitima yawo, ndipo liwu la mkwiyo limene lili pamenepo ndi orge, lomwelija la pa Aroma 1:18. Mkwiyo ndi chisoni pa nkhope imodzi, ndipo chimene chinatulukapo ndi dzanja lochira.

Chete wa anthu a m'sunagogewo ndi khomo labwino lolowera ku mbali yachiwiri ya ndime ya Paulo. Mlandu umene akuwaimba anthu si umbuli. Sakuti sanamve, kapena anasokera posadziwa. Akuti amakanikiza choonadi. Liwu lake ndi katecho, kugwira chinthu zolimba. Likhoza kukhala labwino. Pa 1 Atesalonika 5:21 Paulo yemweyo amalitchula pouza anthu kuti agwiritsitse chabwino. Koma pano ndi kugwira kwa munthu amene wapanikiza chivundikiro pa mphika wowira kuti nthunzi isatuluke. Sungakanikize chinthu chimene palibe. Ndiponso kukanikiza ndi ntchito, kumatopetsa, dzanja silichokapo.

Amene anakhalapo ndi kachotupa pathupi amamvetsa msanga. Ukusamba, zala zikukhudza kanthu kolimba pamalo pamene panalibe kanthu. Mtima ukuti phaa. Tsiku limenelo suuza munthu. M'masiku otsatira umaphunzira kusamba mopewa malowo, dzanja limadziwa lokha pokhotera. Wina akayamba nkhani ya matenda umaisintha mwanthabwala. Ukadutsa pafupi ndi chipatala umayang'ana kumbali. Munthu atakufunsa ngati uli bwino, umayankha kuti uli bwino, ndipo mwanjira ina sukunama, chifukwa wakwanitsa kusaganizako tsiku lonse. Kodi munthu ameneyu akudziwa kapena sakudziwa? Zonse ziwiri. Akudziwa mokwanira kuti azipewa. Kudziwa kwa mtundu umenewu ndiko Paulo akuika pa mtundu wonse wa anthu pamaso pa Mulungu.

Nanga choonadicho n'chiti? Si chiphunzitso chonse cha Chikhristu. Palibe amene angayang'ane nyenyezi n'kudziwa za Utatu Woyera kapena za mtanda. Paulo akutchula zinthu ziwiri zokha zimene zimaoneka m'zolengedwa: mphamvu yosatha ya Mulungu ndi umulungu wake. Ndiko kuti, dzikoli silinadzipange, iwe sunadzipange, ndipo amene anapanga si mnzako. Ku Lusitara anauza anthu kuti mvula ndi nyengo za zokolola ndi umboni umene Mulungu anadzisiyira. Ku Atene anati Mulungu sali kutali ndi aliyense wa ife. Salimo 19 inali itanena kale kuti zakumwamba zimalalikira popanda mawu. Tsono ndime ya 21 ya Aroma 1 ikutchula cholakwacho, ndipo n'chodabwitsa kuchepa kwake: sanamulemekeze ngati Mulungu, ndipo sanamuyamike. Basi. Mndandanda wonse wa kupha, chinyengo ndi nkhanza umene ukubwera kutsogoloko, muzu wake Paulo akuupeza pa kusathokoza. Poyamba zimamveka ngati kukulitsa nkhani, koma kuthokoza ndi kuvomera kuti zimene uli nazo unachita kupatsidwa, ndipo wopatsidwa amakhala ndi womuyankhira. Wokana kuthokoza akudziika pampando wa mwini.

Ndipo mpando wa Mulungu sukhala wopanda munthu. Katatu Paulo akunena za kusinthanitsa, ngati pamsika: anasinthanitsa ulemerero wa Mulungu wosafa ndi zifaniziro za anthu, mbalame, nyama ndi zokwawa, anasinthanitsa choonadi ndi bodza, anasinthanitsa machitidwe a chibadwa ndi osakhala a chibadwa. Mawuwa anawabwereka ku Salimo 106:20, imene ikunena za Aisraeli eni ake ndi mwana wa ng'ombe uja, mfundo imene tiikumbukire kutsogoloku. Yesaya 44 anajambula zimenezi moseketsa ndi momvetsa chisoni: mmisiri adula mtengo, gawo lina asonkhera moto, awotcha nyama, adya, awotha n'kunena kuti ha, ndafundidwa. Chotsalacho asema, achigwadira, n'kuchipempha kuti chimupulumutse. Utsi wa theka linalo udakali m'zovala zake. John Calvin, mmodzi wa atsogoleri oyambirira a Apulotesitanti, ananena kuti mtima wa munthu uli ngati fakitale yosatseka yopanga mafano, ndipo amene akuganiza kuti nkhaniyi inatha ndi ziboliboli awerenge Akolose 3:5, pamene dyera la chuma likutchedwa kupembedza mafano. Chilichonse chimene munthu amachidalira kuti chimupatse dzina ndi chitetezo, kaya ndalama, mtundu wake, mtsogoleri, thupi lake, ngakhale mpingo wake, chikhoza kusemedwa kuchokera ku mtengo womwewo.

Pa kukula kwa chidziwitso chachibadwachi Akhristu sagwirizana. Msonkhano woyamba wa Vatican, wa mabishopu a Katolika, mu 1870 unatsimikiza, pogwiritsa ntchito Aroma 1:20, kuti nzeru za munthu zikhoza kumudziwa Mulungu motsimikiza kudzera m'zolengedwa. Calvin ankati munthu aliyense ali ndi mbewu ya chipembedzo mumtima, koma tchimo linaiwononga moti siimufikitsa kwa Mulungu woona, imangomuchotsera podzikanira. Karl Barth, katswiri wa zaumulungu wa ku Switzerland, anakana kwambiri. Mu 1934 anayankha mnzake Emil Brunner ndi kabuku kamene mutu wake unali liwu limodzi lokha la Chijeremani, Nein, kutanthauza ayi. Ukali wake unali ndi chifukwa: m'dziko la Germany la Hitler, atsogoleri ena a mipingo ankati akuona chifuniro cha Mulungu mu mtundu wawo, magazi awo ndi mbiri yawo. Barth anaona kuti munthu akapatsidwa ufulu wowerenga Mulungu m'chilengedwe popanda Khristu, amawerengamo nkhope yake yomwe. Mwina mosafuna, anthu ankatsutsana nawowo anali kuchitira umboni zimene Paulo ananena.

Pali chotsutsa chimene sindikufuna kuchilumpha. Nanga munthu amene wafufuza moona mtima n'kupeza kuti sakhulupirira? Alaliki ena amatenga ndimeyi ngati chibonga, n'kumati palibe wosakhulupirira weniweni, onse ndi abodza. Kumeneko n'kuyankhula mopyola. Paulo akufotokoza mbiri ya mtundu wa anthu wonse pamodzi, sakupereka chilolezo choti uzilowa mumtima mwa mnzako n'kumamuuza zimene akuganiza. Iye mwini akuti zotsatira za kukanikizako ndi mtima wodetsedwa ndi maganizo opanda pake, kutanthauza kuti pofika kwa adzukulu, mdimawo umamveka ngati kuwala, munthu amabadwira momwemo. Pa Aroma 2:14-15 akuvomera kuti anthu opanda Chilamulo nthawi zina amachita zimene Chilamulo chimafuna, chikumbumtima chawo chikuwatsutsa kapena kuwavomereza. Yesu anati wopatsidwa zambiri adzafunsidwa zambiri. Msonkhano wachiwiri wa Vatican mu 1964 unaphunzitsa kuti amene sanamve Uthenga popanda kulakwa kwawo, koma amafunafuna Mulungu ndi mtima woona, akhoza kupulumuka. Apulotesitanti ambiri amakana kufika pamenepo, poti Paulo akutsiriza ndi kunena kuti onse alibe chowiringula. Chimene mbali zonse zimagwirizana n'chakuti munthu adzaweruzidwa pa kuwala kumene anali nako, osati kumene analibe.

Tsopano tibwerere ku funso lija: mkwiyowo ukuonekera pati? Pa ndime 24, 26 ndi 28 Paulo akubwereza liwu limodzi, paredoken: Mulungu anawapereka. Anawapereka ku zilakolako za mitima yawo, anawapereka ku zilakolako zamanyazi, anawapereka ku mtima wokanika. Kusinthanitsa katatu kwa anthu kukuyankhidwa ndi kupereka katatu kwa Mulungu. Palibe chigumula, palibe sulufule. Munthu wanena kuti sindikufunani, ndipo Mulungu wayankha kuti chabwino. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere m'manja. Salimo 81 inanena zomwezo za Israeli: anthu anga sanamvere mawu anga, ndiye ndinawasiya atsate kuuma kwa mitima yawo.

Izi zimatembenuza kaganizidwe kathu. Ife timati munthu achimwa, kenako chilango chibwera kuchokera kwina. Paulo akuti machimo ambiri amene timawaona ndiwo kale chilangocho. Wabodza amalangidwa posanduka munthu amene sathanso kusiyanitsa bodza lake ndi zoona. Wadyera amalangidwa ndi njala yosakhuta. Taganizani za wodwala amene kwa miyezi dokotala wakhala akumuletsa izi ndi izo, akumukalipira akaphonya mankhwala. Tsiku lina achibale akuuzidwa kuti musamuvutitsenso, chilichonse chimene akufuna mumupatse. Wodwalayo akhoza kusangalala kuti malamulo atha. Achibalewo amatuluka panja kukalira, chifukwa akudziwa tanthauzo lake. Ndi chifukwa chake Ahebri 12 imaona chidzudzulo ngati chizindikiro cha umwana. Wakutsina khutu ndi mnansi; woopsa ndi amene wasiya kukutsina.

Jonathan Edwards, mlaliki wa ku America, mu ulaliki wake wotchuka wa mu 1741 ku Enfield, m'dera la Connecticut, anayerekeza wochimwa ndi kangaude wolendewera pamwamba pa moto. Anthu amakumbukira motowo, koma mfundo yake inali pa dzanja: chimene chikuletsa munthu kugwa ndi dzanja la Mulungu yemwe wamukwiyitsayo. Aroma 1 ikunena za zala za dzanja limenelo zikumasuka pang'onopang'ono.

Ndime 26 ndi 27 zimanena za kugonana kwa amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, ndipo masiku ano ndi zimene zimakoka maso a ambiri. Mipingo yambiri padziko imaziwerenga monga momwe zakhala zikuwerengedwera kuyambira kale, kuti zikuletsa mchitidwewo. Mipingo ina ndi akatswiri ena amati Paulo ankanena za nkhanza ndi uhule wa m'nthawi yake. Mkangano umenewo wagawa mipingo. Koma amene amaima pa ndime 27 n'kutseka buku sanawerenge mlandu wonse. Ndime 29 mpaka 31 zili ndi zoipa zoposa 20, ndipo pambali pa kupha pali kaduka, ndewu, miseche, kudzitama, kusamvera makolo, kusasunga pangano, kusowa chifundo. Wamiseche ali m'ndandanda umodzi ndi wakupha, onse ngati zipatso za mtengo umodzi.

Katswiri wa ku Britain, C. H. Dodd, mu 1932 anaona chinthu choona: Paulo nthawi zambiri amangoti "mkwiyo", osatchula mwini wake, ndipo sanena kuti Mulungu wakwiya monga tinenera za munthu. Dodd anamanga pamenepo mfundo yakuti mkwiyowu si mmene Mulungu amamvera, ndi lamulo chabe la dziko, lakuti choipa chitsata mwini. Ukagwira moto upsa, moto sunakuda. Leon Morris wa ku Australia anamuyankha mu 1955 kuti Baibulo silidziwa lamulo limene limayenda lokha Mulungu ali pambali. Apa ine ndili ndi Morris. Mneni uja ali ndi mwini: Mulungu anawapereka. Bambo wa mwana wolowerera pa Luka 15 sanabedwe chuma. Anachigawa yekha ndi manja ake, n'kumuona mwanayo akupita. Komabe Dodd anatithandiza kuona kuti chilangocho sichimatidwa kuchokera kunja, chimamera m'tchimo momwemo. Ndipo fanizo lomwelo likusonyeza kuti kupereka sikutanthauza kutaya. Mwanayo anakumbukira kwawo ali pakati pa nkhumba, pamene nyanga ija inali itamufotera m'manja.

Apa ndi pamene Paulo anatchera msampha. Mpingo wa ku Roma unali wosakanikirana. Mfumu Klaudiyo anathamangitsa Ayuda mumzindawo cha m'ma 49, Akwila ndi Prisila ali m'gulu lomwelo, ndipo Klaudiyoyo atamwalira mu 54 ambiri anabwerera n'kupeza mpingo uli m'manja mwa anthu a mitundu ina. Kunyozana kunalipo. Zimene Paulo akunena m'mutu woyamba zikufanana kwambiri ndi mmene Ayuda ankadzudzulira anthu akunja. Buku la Nzeru za Solomoni, limene lili m'Mabaibulo a Akatolika, pa mitu 13 ndi 14 likuyenda njira yomweyo, kuchokera ku mafano kufika ku chiwerewere ndi kupha. Ndiye womvera wopembedza ankangogwedeza mutu: eya, auzeni, ndi momwe alili anthu amenewo. Mutu wonsewo ukunena za "iwo". Kenako mutu wachiwiri ukutseguka ndi "iwe": ulibe chowiringula, munthu iwe, aliyense woweruza, pakuti poweruza mnzako ukudzitsutsa wekha. Anyani amasekana zikundu. Natani anachita chimodzimodzi kwa Davide ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa, kumusiya apse mtima kaye asanamuuze kuti munthuyo ndinu. Amosi anadzudzula Damasiko, Gaza, Turo ndi ena ozungulira asanatembenukire kwa Israeli. Ndipo ndime ija ya Salimo 106 inali italowetsa kale Aisraeli m'mlandumo mwakachetechete.

Wopembedza ali ndi njira yakeyake yokanikizira choonadi, ndipo ndi yovuta kuigwira kuposa ya wachikunja, chifukwa amabisala kumbuyo kwa choonadi chomwecho. Amachidziwa, amachiphunzitsa, amachigwiritsa ntchito poyeza ena, ndipo potero sichimufika iye. Paulo akuti munthu wotere akupeputsa kuleza mtima kwa Mulungu, osazindikira kuti kukoma mtimako n'komutsogolera ku kulapa, ndipo akudziunjikira mkwiyo wa pa tsiku la mkwiyo, monga munthu wosunga chuma. Apa ndiye mkwiyo wam'tsogolo ukulowa. Kusiyidwa kwa lero si mapeto a nkhani. Pali tsiku limene zobisika za anthu zidzaweruzidwa.

Msampha umenewu uyenera kutseka pakamwa aliyense amene amathamangira kulengeza mkwiyo wa Mulungu pakagwa tsoka. Chivomezi chitagwedeza mzinda wa Lisbon ku Portugal pa 1 November 1755, alaliki ena anati ndi chilango cha machimo a mzindawo, koma linali tsiku la Oyera Onse, ndipo ambiri anafera m'matchalitchi akupemphera. Yesu anafunsidwa nkhani yofanana nayo pa Luka 13, ya Agalileya amene Pilato anawapha, ndipo iye anawonjezerapo ya anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Kodi anali ochimwa kuposa anzawo? Iye anati iyayi, n'kutembenuzira funsolo kwa ofunsawo. Za munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9 anati sanachimwe iye kapena makolo ake. Abwenzi a Yobu anayankhula mitu yambirimbiri akutetezera Mulungu, ndipo pamapeto mkwiyo wa Mulungu unayakira iwowo. Potengera Aroma 1, ngati tikufuna kuona mkwiyo tisayang'ane pa nyumba imene yagwa. Mwina uli pa nyumba imene zonse zikuyenda, mwini wake akuchita zoipa popanda chomuletsa, chikumbumtima chili chete.

Ena amafunsa kuti bwanji osangochisiya chiphunzitso chimenechi, poti chapweteka anthu ambiri. Yankho lamphamvu limachokera kwa ozunzidwa. Miroslav Volf, katswiri wa zaumulungu wochokera ku Croatia, polemba m'zaka za m'ma 1990 dziko lakwawo litadutsa m'nkhondo, ananena kuti maganizo akuti Mulungu saweruza amamera bwino kwa anthu okhala pamtendere, koma sungawatengere kwa munthu amene mudzi wake watenthedwa, abale ake aphedwa. Munthu wotere akamva kuti Mulungu sakwiya, amamva kuti Mulungu alibe nazo ntchito, ndipo chotsala n'kutenga mpeni yekha. Paulo akulumikiza zinthu ziwirizi pa Aroma 12:19: musabwezere choipa, siyirani malo mkwiyo. Mkhristu akuletsedwa kubwezera chifukwa mlanduwo uli ndi mwini, ndipo mwiniyo sanauiwale.

Zonsezi, kuyambira 1:18 mpaka 3:20, ndi njira yopita ku mawu awiri a pa 3:21, "koma tsopano". Pamenepo Paulo akuti Mulungu anaika Khristu poyera kukhala hilasterion, liwu limene m'Chipangano Chakale cha Chigiriki limatchula chivundikiro cha Bokosi la Chipangano, pamene mkulu wa ansembe ankawaza magazi kamodzi pachaka malinga ndi Levitiko 16. Dodd ndi Morris anakangananso pano: wina akuti tanthauzo lake ndi kufafaniza tchimo, wina akuti ndi kubweza mkwiyo. Akhristu a mipingo ya Orthodox sakonda kwenikweni chilankhulo cha m'bwalo la milandu. Amakonda kunena za moto umodzi wa chikondi cha Mulungu, umene umafunditsa woufuna n'kuwotcha woukana, ndipo Isaac wa ku Nineve m'zaka za m'ma 600 anaphunzitsa kuti ngakhale ozunzika m'gehena amakwapulidwa ndi chikoti cha chikondi. Chimene onsewa angakane limodzi ndi chithunzi chimene chimamveka m'maulaliki ena, cha Atate waukali amene Mwana wofatsa akumugwira dzanja. Mwa Paulo, woyambitsa zonse ndi Atate yemweyo: Mulungu ndiye anaika nsembeyo, ndipo pa Aroma 5:8 akuti Mulungu akuonetsa chikondi chake pakuti Khristu anatifera tili ochimwabe. Wokwiyayo ndi wopulumutsayo ndi mmodzi.

Ndipo liwu lija limene Teritiyo analilemba katatu m'mutu woyamba likubweranso. Pa 4:25 Yesu anaperekedwa chifukwa cha zolakwa zathu. Pa 8:32 Mulungu sanatimane Mwana wake wa iye yekha, koma anamupereka chifukwa cha ife tonse, ndipo liwu lake ndi paredoken, chilembo ndi chilembo monga pa 1:24. Ndi mneni yemweyonso amene Mauthenga Abwino amagwiritsa ntchito pa Yudasi akumupereka kwa akulu a ansembe, ndi pa Pilato akumupereka kuti akapachikidwe. Anthu a m'mutu woyamba anaperekedwa ku zimene ankalakalaka. Yesu anaperekedwa ku chikho chimene usiku wathawo ku Getsemane anapempha kuti chimupitirire, ndipo pa ora lachisanu ndi chinayi Marko akuti anafuula mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa Mulungu wake kuti wamusiyiranji.